Uthenga wawoloka, bwato likadali kutsidya

Kwathu ku Madzimoyo dzina ndi lamadzi, koma chilumba tilibe. Ambirife mawu oti chilumba tidawamva koyamba m'kalasi, aphunzitsi atajambula kadzira pabolodi n'kukazunguliza ndi timizere ta mafunde. Tidaloweza kuti ndi mtunda wozingidwa ndi madzi mbali zonse, tidakhoza mayeso, nkhani n'kuthera pomwepo. Nyanja yathu idali dambo. Chombo chachikulu chomwe tinkachidziwa chidali chingalawa cha Nowa, chomwe abusa akhala akuchilalikira pamishoni pano kuyambira 1903.

Komatu tsikirani kuchigwa cha Luangwa mu Febuluwale, mudutse Chipata n'kutsata msewu wa ku Mfuwe, mukadzionere nokha. Lupande akadzaza, Msandile naye n'kusefukira, midzi ina ya kwa Nsefu ndi kwa Malama imagona ili kumtunda n'kudzuka ili pachilumba. Chilumba chotere pamapu palibe. Chimabadwa usiku umodzi, chimakhala masabata awiri kapena miyezi itatu, kenako chimafa chokha dzuwa likabwerera. Nthawi yonseyo chigayo chili kutsidya, chipatala chili kutsidya, ngakhale mchere weniweniwu uli kutsidya. Chomwe chimawoloka osanyowa ndi mawu a pafoni basi. Mudzamuona munthu ataima pamwamba pa chulu, mkono uli m'mwamba ngati akulumbira m'khothi, akusaka netiweki.

Malume anga amakhala kuchigwako, n'chifukwa chake nkhaniyi sindiitenga ngati ya eni ake. Chaka chilichonse mvula ikafika pachimake timalankhulana mwa timauthenga tatifupitifupi, ndipo chaka chilichonse ndimadzifunsa kuti kodi kafoni kawo ka mabatani kaja kamawafikitsa pati. Funso lotere ndi lofunika kuliyesa pa moyo wa anthu amene madzi adawazinga kuyambira kalekale, a pazilumba zenizeni, kuseri kwa malire a Mwami.

Likoma ndi Chizumulu ndi nthaka ya Malawi, koma madzi ozizinga ndi a Mozambique. Ukaima kugombe la kum'mawa kwa Likoma, mapiri a ku Cobue amaoneka pafupi ngati ungawafikire ndi mwala wa legeni, pomwe Nkhata Bay, komwe kuli msewu wa ku Mzuzu, ndi ulendo wa maola ambiri pamadzi. Kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 14,500 pazilumba ziwirizi. Nthaka yake ndi ya miyala, milambe ndi chinangwa. Chimanga, shuga, simenti, mafuta a injini, zonsezi zimabwera pamadzi. Alendo amapitako kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chomwe a Anglican adayamba kumanga mu 1903, chaka chomwe mishoni yathunso idakhazikitsidwa. Eni chilumba maso awo amakhala kunyanja, kudikira Ilala.

Ilala ndi gogo. Idapangidwa ku Scotland, idabwera m'zidutswazidutswa, ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, kuchoka ku Monkey Bay kukafika ku Chilumba n'kubwereranso (dzina limeneli lisakunyengeni, Chilumba wa ku Karonga ali kumtunda). Nthawi yolembedwa papepala ndi ina, nthawi yofikira ndi inanso. Kale munthu ankatuta matumba a usipa n'kukagona nawo pamchenga, osadziwa ngati sitima ifike madzulo, m'bandakucha kapena mkuja. Lero pali wina ku Nkhata Bay kapena ku Nkhotakota amene amangolemba liwu limodzi loti yanyamuka, ndipo chilumba chonse chimadziwa nthawi yotereka mphika ndi nthawi yomanga katundu. Kaliwu kamodzi komweko kamabwezera tulo anthu mazanamazana.

Ndalama nazo zidasiya kukwera sitima. Airtel Money isanabwere mu 2012 ndi Mpamba wa TNM mu 2013, ndalama zinkayenda m'envulopu, m'thumba la mnansi amene akuwoloka, ndipo envulopu ina inkafika itaonda. Masiku ano wogula usipa ali ku Limbe amalipira nsomba asanaione. Kholo limatumizira mwana wa kusekondale ku Mzuzu ya sopo. Wodikirira wodwala amene chipatala cha pachilumba chamutumiza kumtunda akaona kuti kamba watha, amaflasha kunyumba, akumudzi n'kusonkha. Zonsezi si za ngozi ayi, ndi za tsiku ndi tsiku ngati kutunga madzi. Koma ndi pa tinthu timeneti pomwe chala chimazolowera njira yake pamabatani. Tsiku lomwe madzi ali m'chiuno palibe amene amaphunzira nambala yatsopano. Munthu amaimbira amene amamuimbira nthawi zonse.

Ngozi ya anthu a panyanja ili ndi dzina: mwera. Mphepo imeneyi imaomba kuchokera kummwera chakum'mawa, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo mbiri yake ndi yakale. Mu Julayi 1946 sitima ya Vipya idagubuduzika kumpoto kwa nyanja, anthu 145 n'kumira. Lero nthambi ya boma yoona zanyengo imachenjeza za mwera pawailesi ndi pamafoni, ndipo kuyambira 2017 ntchito ya M-CLIMES, yomwe idathandizidwa ndi UNDP ndi thumba la Green Climate Fund, idaika zipangizo zoyeza mphepo ndi mafunde kuti chenjezo lizifika kwa asodzi msanga. Ndi ntchito yabwino, ndipo sindikuinyoza. Vuto ndi lakuti foni yolandira chenjezo nthawi zambiri imakhala m'thumba la mwini ukonde wa chilimila, amene amagona kumtunda, pomwe opalasa usiku ndi alovi, anyamata amene malipiro awo ndi gawo la nsomba zomwe agwira. Mlovi wamva ndithu kuti kukubwera mwera. Wamvanso kuti kunyumba ufa watha. Mwa mauthenga awiriwa, wachiwiriwu ndiwo umafuula kwambiri.

Ku Chilwa zinthu n'zosiyana pang'ono. Nyanja imeneyi ndi yosazama, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo imaphwa ikafuna: idauma mu 1995, idatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Anthu a pachilumba cha Chisi amawolokera pa Kachulu kuti akafike ku Zomba. Mlendo angaganize kuti nyanja ikaphwa ndiye kuti apuma, ayamba kuyenda pansi. Ayi ndithu. Pakati pa madzi ndi fumbi pamakhala nyengo ya matope, pomwe bwato silingayandame ndipo njinga singadutse. Mayi woyembekezera akayamba kumva kupweteka m'nyengo imeneyo, foni imafikitsa uthenga kwa azamba m'kanthawi kochepa, koma mayiyo amayendabe ulendo wake wonse monga ankayendera agogo ake.

Ku Chilwa komweko kudachitika chinthu chomwe ndimachikumbukira ndikamamva anthu akukonza njira zothandizira anzawo ali m'maofesi. Asodzi ena amakhala masabata ambiri m'zimbowera, timisasa toyandama pakati pa mabango, akusaka matemba ndi milamba. Kolera atabuka kumeneko kumapeto kwa 2015, a Unduna wa Zaumoyo ndi madotolo a MSF adaona kuti msodzi sangasiye ukonde kawiri konse kuti akaime pamzere wa katemera. Mu 2016 adawamwetsa katemera woyamba, wachiwiri n'kuwapatsira m'manja kuti akamwe okha kuzimbowera tsiku lake likakwana. Sadauze msodzi kuti asinthe moyo wake kuti ufanane ndi pepala. Adasintha pepalalo.

Chilumba chomwe chimafanana kwambiri ndi cha malume anga chili ku Nsanje. Makhanga, m'dera la Mfumu Mlolo, kudali kumtunda ngati kwathu kuno, ndipo sitima ya panjanji yochokera ku Limbe inkafikako. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Ruo, womwe umatsika kuchokera m'phiri la Mulanje, udasiya njira yake n'kudzitemera ina, Makhanga n'kutsala pakati pa madzi a Ruo ndi a Shire. Pa 13 Januwale Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti maboma 15 agwa m'ngozi. Anthu 106 adafa, 172 adasowa, ndipo pafupifupi 230,000 adathawa m'nyumba zawo. Ku Makhanga madotolo ndi chakudya zinkafika pa helikopita kapena pabwato. Akulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo Ruo sadaiwale khwawa lake latsopanolo: adabweranso mu 2019, mu 2022 ndi mu 2023.

Chodabwitsa cha kuchigwa cha Shire n'chakuti madzi okupha nthawi zina amabwera kumwamba kuli mbee. Mvula yagwa ku Mulanje kapena ku Thyolo, ndipo imatenga maola angapo kuti itsike. Maola amenewo ndiwo chuma chonse cha munthu wa ku Makhanga, ndipo apa foni yagwira ntchito yomwe palibe mthenga wa miyendo akadaigwira. M'mitsinje ina mudazikidwa mitengo yoyezera madzi, yopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira. Munthu wongodzipereka wa kumtunda amaiyang'anira, madzi akafika pofiira n'kuimbira mnzake wa kumunsi. Wakumunsiyo ndi membala wa komiti ya m'mudzi yoona za ngozi. Iyeyu satumiza meseji kwa aliyense. Amatenga wenzulo kapena chimkuzamawu n'kumathamanga m'njira, wina n'kukaimba belu la kutchalitchi, wina ng'oma. Foni imangoyenda gawo loyamba la ulendo. Gawo lomaliza, lodzutsa gogo amene wagona m'nyumba ya zidina, ndi la mapapo a munthu.

Ndiye pali funso lomwe anthu a m'tauni amakonda kufunsa ali pamipando yawo: nanga poti adachenjezedwa, adalekeranji kuthawa? Boma lakhala likuwauza a ku Makhanga kuti asamukire kumtunda, ena adasamukadi, ena adabwerera. Wofunsayo sadaonepo dimba la kuchigwa madzi akaphwa, momwe chimanga, mbatata ndi nyemba zimachitira bwino popanda feteleza pa dothi lomwe mtsinje wasiya. Sadaganizepo za manda a makolo, za mfumu yomwe ikasamukira m'dera la mfumu inzake imasanduka mlendo, kapena za mbuzi zomwe ukazisiya usiku umodzi wokha sudzazipezanso. Meseji yoti samukani imakwana m'zilembo 160. Yankho loona la munthu amene waiwerenga silingakwanemo.

Pali mbiri ina yomwe ambiri a kuno sitiidziwa, chonsecho idayambira pakhomo pathu penipeni. Mukadutsa Mwami ndi Mchinji kulowera ku Lilongwe, mumafika pa Namitete, pomwe pali chipatala cha St Gabriel's. Mu 2008 mnyamata wina wa payunivesite ya Stanford ku America, Josh Nesbit, adafika pamenepo ndi kompyuta imodzi, mafoni akale ndi pulogalamu yotchedwa FrontlineSMS, yomwe Ken Banks adaipanga kuti kompyuta izitha kulandira ndi kutumiza mameseji popanda intaneti. Mafoniwo adagawidwa kwa anthu 75 ongodzipereka osamalira odwala m'midzi. Munthu amene kale ankapalasa njinga tsiku lonse kuti akanene kuti wodwala TB wasiya kumwa mankhwala, tsopano ankangolemba ali pakhonde. M'miyezi isanu ndi umodzi chipatalacho chidapulumutsa maola a ntchito oposa 2,000, ndipo chiwerengero cha odwala TB omwe chinkatha kuwasamalira chidawirikiza kawiri.

Pa 12 Januwale 2010 chivomerezi chachikulu chidagwetsa mzinda wa Port-au-Prince ku Haiti, dziko la pachilumba kunyanja ya Caribbean. Boma la kumeneko lidati anthu oposa 200,000 adafa. Misewu idatsekeka ndi zigumukire, koma nsanja zina za mafoni zidatsala chiimire, ndipo meseji inkadutsa ngakhale pomwe kuimba kunkakanika. Nesbit yemweyo adali mmodzi mwa amene adathamangathamanga kufuna nambala yaifupi yaulere, ndipo kampani ya Digicel idapereka 4636. Mawailesi adailengeza. Anthu adayamba kulemba: kuno kuli ovulala, kuno madzi akumwa atha, pansi pa nyumba yakutiyakuti pakumveka mawu. Mauthenga pafupifupi 80,000 adadutsa m'njira imeneyo.

Koma apa ndi pomwe nkhaniyi imandikomera. Mauthengawo adali m'Chikiliyo cha ku Haiti, pomwe ambiri mwa obwera kudzathandiza ankamva Chingerezi. Makina sadathe kuwamasulira. Adawamasulira ndi anthu, ana a ku Haiti okhala m'maiko ena, amene ankachezera usiku pamakompyuta. Iwowo ndiwo ankadziwa kuti munthu akalemba kuti ali kuseri kwa sitolo yakuti, malowo ali pati pamapu. Amene ankayendetsa ntchito yomasulirayo, Robert Munro, adali katswiri wa zilankhulo, ndipo mwa zomwe ankafufuza pa maphunziro ake mudali mameseji a Chichewa a anthu ongodzipereka a ku Malawi aja. Adapeza chomwe aliyense wa ife amachidziwa osachiganizira: liwu limodzi lokha loti odwala linkalembedwa m'njira zambirimbiri. Wina aika w, wina amusiya, wina alumikiza ndi liwu lapatsogolo, wina adula. Chichewa chili ndi mawu aatali, malo m'meseji ndi ochepa, mayunitsi ndi odula, ndiye kuti amasanduka kt, zikomo n'kukhala zkm. Onjezerani kalembedwe ka kuno ku Zambia komwe timasiya h pa ch, Chisena cha ku Nsanje, Chikunda cha kuchigwa, Chinyanja cha ku Likoma. Munthu amene madzi amufika m'khosi salemba monga mwa buku la galamala. Amalemba momwe amalankhulira, ndipo kutsidya kumafunika wina amene amamva kalankhulidwe kameneko.

Tisachite kukokomeza za ku Haiti. Si meseji iliyonse yomwe idabweretsa thandizo. Ambiri adalemba kuti ali ndi njala ndipo adagona nayo njalayo. Kuuza munthu kuti lembani, tikumva, ndi lonjezo, ndipo lonjezo lopanda lole kapena bwato kumbuyo kwake limapweteka kuposa kukhala chete.

Namondwe Freddy ndiye adaonetsa poyera malo onse omwe chingwe cha pakati pa uthenga ndi thandizo chimadukira. Adakhala ndi moyo masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense m'kaundula wa bungwe la zanyengo la dziko lonse. Adalowanso ku Mozambique kachiwiri cha ku Quelimane pa 11 Malichi 2023, mvula yake n'kukhuthukira kummwera kwa Malawi. Phiri la Soche lidagumukira pa Chilobwe, ndipo zofananazo zidachitika ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu. Pa 13 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza za ngozi. Nthambi ya boma yoona za ngozi ya DoDMA idawerenga anthu oposa 670 omwalira, oposa 500 osowa, ndi pafupifupi 659,000 osowa pokhala. Maiko oyandikana, kuphatikizapo Zambia ndi Tanzania, adatumiza ndege za asilikali kuti zikafike komwe galimoto sizikadafika.

Chenjezo lidaperekedwa masiku angapo namondweyo asanafike, ndipo lidayenda kwambiri pawailesi ndi pa WhatsApp. Chomwe chidatsatira ndi mdima. Zinyalala ndi matope mu Shire zidachititsa kuti makina a magetsi a ku Nkula ndi ku Tedzani azimitsidwe, pomwe Kapichira idali isanachire bala la namondwe Ana wa mu Januwale 2022. Nsanja ya foni imadya magetsi ngati chigayo. Magetsi akazima imadalira mabatire ake kwa maola angapo, kenako jenereta. Jenereta imafuna dizilo, dizilo amabwera pagalimoto, galimoto imafuna mlatho, ndipo mlathowo wapita ndi madzi. Kumbali ya mwini foni nako n'chimodzimodzi: kashopu komwe amatchajitsa kamira, ndipo batire likutsika ngati madzi a m'chidebe chobooka. Anthu amene adazolowera madzi osefukira amadziwa kale zochita. Foni amaimanga m'kajumbo, amaizimitsa, n'kumaiyatsa kamodzi m'mawa kamodzi madzulo. Pamenepo kafoni ka mabatani, komwe batire lake limakhala masiku anayi kapena asanu, kamaposa foni yodula yomwe imafa dzuwa lisanalowe.

Ife a kumtunda tidalawako pang'ono mu 2024. Pulezidenti Hakainde Hichilema atalengeza za chilala pa 29 Febuluwale, madzi ku Kariba adatsika mpaka magetsi ankabwera maola owerengeka patsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Tidaphunzira kudzuka usiku kukatchaja, tidaphunzira kuti netiweki nayo imakomoka. Kudalibe dontho la madzi, koma masiku ena tinkakhala ngati tili pachilumba.

Madzi akaphwa, mavuto a foni amasintha nkhope. Mabungwe ambiri masiku ano amakonda kupereka thandizo la ndalama kudzera pafoni, ndipo zifukwa zake n'zomveka: palibe lole yoti ititimire, palibe thumba loti lisowe panjira, ndipo mayi amagula chomwe akuona kuti n'chofunika pakhomo pake, kaya ndi ufa, kaya ndi poto. Ku Malawi njira yopatsa anthu osauka ndalama m'manja idayesedwa koyamba ndi boma ku Mchinji mu 2006, ndiyo Mtukula Pakhomo wa lero. Ine ndimaivomereza njirayi, koma pokhapokha msika uli moyo. Pachilumba cha madzi osefukira ejenti amakhala mmodzi kapena awiri. Mabanja mazana akalandira meseji tsiku limodzi, ndalama za m'kabati mwa ejenti zimatha dzuwa lisanafike pamutu, ndipo komwe angakatenge zina ndi kutsidya. Amene wakwanitsa kutapa amakapeza kuti wogulitsa chimanga, poona kuti palibe wina wopikisana naye, wakweza mtengo. Manambala ali m'foni, mphika uli mbee.

Palinso nkhani ya chitupa. Ku Malawi ndi ku Zambia komwe, simu imalembetsedwa ndi chitupa cha unzika. Ndi lamulo lomwe lili ndi zifukwa zake. Koma madzi omwe atenga foni ndi omwewonso atenga chitupa, poti zonse zidali m'chikwama chimodzi pansi pa mphasa. Kuti nambala ibwerere pakufunika chitupa, kuti chitupa chibwerere pakufunika ulendo wa kuboma, ndipo ulendo wa kuboma ukufuna ndalama zomwe zili m'nambala yomweyo. Ndiye munthu amalembetsa nambala ya wina. Gogo amapereka ya mdzukulu, mayi amapereka ya mwamuna wake, poti m'mabanja ambiri foni ndi imodzi ndipo imagona m'thumba la bambo. Adzukulu ambiri ndi okhulupirika, tisawanamizire. Koma aliyense wa ife akudziwapo gogo amene nambala yake yachinsinsi imadziwika ndi mudzi wonse kupatula iye mwini.

Chomaliza ndi chomwe chimandikwiyitsa kwambiri, chifukwa tidachilola tokha. Bokosi lomwe chenjezo la namondwe limafikira ndi lomwelo lomwe limafikira akuba. Ndani mwa ife ku Chipata kapena ku Lilongwe amene sadalandirepo kameseji koti ndalama ija mutumize pa nambala iyi? Ndani sadauzidwepo kuti wapambana mpikisano womwe sadalowe, kapena kuti dzina lake latuluka pa mndandanda wa thandizo koma ayambe walipira kaye kangachepe? Pamwamba pa izo pali mauthenga a juga ndi a nyimbo zoimbira foni, tsiku lonse ngati ntchentche. Munthu adaphunzira kufufuta asanawerenge, ndipo adachita bwino. Tsono chenjezo lenileni likabwera kuchokera ku nambala yosadziwika, lili m'Chingerezi, likunena za mamilimita a mvula, limapita njira yomweyo. Malume anga meseji ya boma amaikhulupirira akaimvanso pa Breeze FM kapena pa Radio Maria, kapena akaitsimikiza aphunzitsi aakulu a pasukulu ya pafupi. Sindiwaona ngati otsalira. Adalumidwapo.

Ukaziika pamodzi, zinthu zomwe zidagwira ntchito ku Namitete, ku Makhanga ndi ku Likoma sizinyezimira konse. Chipatala cha pa Foni, chomwe bungwe la VillageReach lidayambitsa ku Balaka mu 2011 boma lisanachitenge, anthu adachikhulupirira chifukwa kutsidya kwa foni kunkayankha munthu wolankhula chinenero chawo, lero ndi mawa lomwe, kunja kuli bata. Woyang'anira mtengo woyezera madzi amafunika mayunitsi mwezi uliwonse, osati pa tsiku lokhazikitsa ntchito lokha pomwe pali makamera. Nsanja ya m'dera losefukira imafunika sola ndi mabatire okhalitsa mvula isanayambe. Ndipo penapake pamafunika bwato la injini lomwe lili ndi mafuta, ndi munthu wodziwika amene kiyi wake ali m'thumba mwake. Izi zilibe mwambo wodula riboni, n'chifukwa chake zimaiwalika msanga.

Chaka chino mitambo itangoyamba kusonkhana, ndidapita mumsika wa Kapata n'kugula kasola kakang'ono kokhala ndi tochi ndi potchajira foni. Ndidaikamo batire lina lapadera ndi majumbo olimba angapo, ndidalemba papepala manambala a achibale onse kuti foni ikamira asatayike, n'kupatsira kondakitala wa basi ya ku Mfuwe. Padapita masiku atatu ndili chete, ndikuyang'anayang'ana foni. Lachinayi m'mawa idalira kamodzi n'kuduka, chizindikiro choti malume akwera pachulu. Ndisanaimbe, meseji idalowa, yolembedwa mwa kalembedwe kawo kosasamala malamulo kaja.

“Zafika mphwanga zkm kwambili. Koma bwato lapa doko lija linaboka caka catha mpaka lelo.”